PHUNZIRO: KUMASULIRA NDAKATULO YA ANTHU OCOTSEDWA KWAO

Abale ophunzira, m'Buku Loyera muli Masalimo 150, ndipo salimo lililonse ndi ndakatulo. Ndakatulo siiwerengedwa mothamanga monga kalata ya ku boma. Imasulidwa pang'onopang'ono, ngati mtolo womangidwa ndi luzi. Lero titenga Salimo 137, limene m'mabuku ena akale lichedwa 136. Yambani mwalimva lonse mphunzitsi akuliwerenga mokweza kawiri.

1. Alankhula ndani, ndipo ali kuti?

Ca m'ma 587 Kristu asanabadwe, Nebukadinezara mfumu ya ku Babiloni anapasula Yerusalemu, natentha Nyumba ya Mulungu, natenga Ayuda ambiri ukapolo. Iwo analoledwa kubwerera kwao m'caka ca 538, Kirusi mfumu ya ku Persiya atagonjetsa Babiloni. Olankhula m'salimoli ndiwo anthu otengedwawo. Inu a ku Cassacatiza, pa malire a Moçambique ndi Zambia, nkhani yotere muidziwa. Pa nkhondo imene inatha ndi cipangano ca ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu ambiri a cigawo ca Tete anathawira ku Malawi ndi ku Zambia, ena nakakhala ku Ukwimi. Funsani akulu za kupukwa kwao, ndipo salimoli lidzakumvekerani.

2. Lamangidwa bwanji?

Ndime zake ndi 9, zigawo zake zitatu. Mu ndime 1 mpaka 4 alankhula anthu ambiri pamodzi: alira m'mbali mwa mitsinje, apacika zoimbira zao m'mitengo, ndipo akana pamene owagwira awauza kuti awaimbire nyimbo za kwao. Mu ndime 5 ndi 6 mau asanduka a munthu mmodzi wolumbira. Mu ndime 7 mpaka 9 mkwiyo ubuka. Penyetsetsani pamene "ife" asanduka "ine". Cisoni ndi ca onse, koma lumbiro aliyense alumbira yekha.

3. Zifanizo zitanthauzanji?

Wolumbirayo achula dzanja lake lamanja ndi lilime lake, nazitemberera ngati adzaiwala Yerusalemu. Bwanji sachula mwendo kapena diso? Cifukwa iye ndi woimba: dzanja likhudza nsambo za zeze, lilime litulutsa nyimbo. Waika pa cikole luso lake lonse. Onaninso kuti ganizo limodzi lanenedwa kawiri ndi mau osiyana, poyamba dzanja, pambuyo lilime. Umu ndimo Ayuda ankalukira ndakatulo zao, monga mtsogoleri wa nyimbo ndi omvomera apokezana pa mtondo. Ndipo cina codabwitsa naci: anthu okana kuimba atisiyira nyimbo. Anakana kusangalatsa adani, koma sanaleke kuimbira Mulungu.

4. Nanga mau owawa a pa mapeto?

Ndime zomaliza zikumbutsa Mulungu za Aedomu, amene anakondwera Yerusalemu alikugwa, ndipo zifunira Babiloni tsoka lofika ngakhale pa makanda. Mau amenewa ndi oopsa, kotero kuti buku la mapemphero a tsiku ndi tsiku la ansembe ndi asisteri, lotuluka m'caka ca 1971, lisiya ndime zitatuzi. Koma womasulira ndakatulo sayenera kubisa cimene calembedwa. Ayenera kusiyanitsa cimene wolankhula amva mumtima ndi cimene ife tilamulidwa kucita. Wolankhulayo waona mzinda wake ukupasuka, ndipo cilonda cake cikali ciwisi. Komabe satola mkondo. Mlandu wake aupereka kwa Mulungu. Ambuye Yesu anatitsogolera patali koposa, potiphunzitsa kukonda adani ndi kuwapempherera. Ici n'cofunika m'midzi imene anthu omenyana kale atunga madzi pa citsime cimodzi. Wowerenga ndime 9 yokha, osamva zoyambazo, angaiyese cilolezo ca kulipsira, ndipo adzasokera.

MAFUNSO

1. Kodi Ayuda anakaniranji kuimbira owagwira?
2. Cisintha n'ciani pakati pa ndime 4 ndi ndime 5?
3. Fotokozani tanthauzo la dzanja ndi lilime.
4. Sankhani nyimbo imodzi ya kwanu, ya maliro kapena ya pa mtondo, muifunse mafunso anai a m'phunziroli, ndipo mudzatiuze mayankho Lamulungu likudzali.