Kupepesa Mnzathu Amene Chiweto Chake Chafa

Cholinga: Kuphunzira mmene tingayendere, kumvetsera ndi kuthandiza munthu amene ali pachisoni chifukwa cha imfa ya galu, mphaka kapena chiweto china chimene ankachikonda.

GAWO 1

Kuno ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka munthu akamwalira sitichita kuuzana zochita. Uthenga umapita kwa amfumu, adzukulu amanyamula makasu, amayi amasonkha ufa ndi nkhuni, ndipo usiku timagona pasiwa. Paja akuluakulu anati maliro n'kulirana. Koma galu akafa pakhomo palibe amene amatuma uthenga, palibe wobwera kudzakhala pamphasa. Mwini wake akagwetsa misozi, ena amamuseka n'kumati, "Mpaka kulirira galu?" Choncho amapukuta nkhope msangamsanga, chisonicho n'kuchisunga mumtima.

Tiganizire chimene chiweto chimakhala kwa mwini wake. Galu ndiye amauwa fisi akayandikira khola la mbuzi, ndiponso amathamangitsa anyani m'minda ya mphepete mwa nkhalango ya Mua-Livulezi. Kwa agogo amene ana awo ali ku Lilongwe kapena ku Joni, mphaka wogona pakhonde ndiye amene amalankhula naye madzulo. Kwa mnyamata woweta nkhunda, nkhundazo ndi chinthu choyamba chimene wachisamalira yekha. Kwa bambo wa ngolo, ng'ombe kapena bulu ndi mnzake wa ntchito amene wayenda naye m'dzuwa zaka zambiri. Chiweto chotere chikafa, pakhomo pamazizira.

Mu 1989 katswiri wina wa ku America, Kenneth Doka, analemba za chisoni chimene anthu ozungulira sachivomereza, chimene munthu amakhala ngati alibe chilolezo chochilirira poyera. Imfa ya chiweto ili m'gulu la chisoni chotere. Ku Britain, bungwe losamalira nyama la Blue Cross lakhala ndi ntchito yotonthoza anthu amene ziweto zawo zafa kuyambira mu 1994. Amene amagwira ntchitoyi ndi anthu ongodzipereka, ndipo amayamba aphunzitsidwa kumvetsera asanayankhe foni. Ife tilibe ofesi yotero, koma tili ndi mwambo wochezerana m'makomo. Chimene tikufuna kuphunzira ndi kupita kumene ena sapita, n'kukhala pansi.

1. Kodi ndi ziweto ziti zimene anthu a m'mudzi mwathu amazikonda koposa mtengo wake wa pamsika?
2. N'chifukwa chiyani munthu amachita manyazi kulira galu wake pamaso pa anthu?
3. Malizitsani: Chisoni chimalemera kwambiri pamene ________________________.

GAWO 2

Kuchitira chifundo nyama si nkhani yachilendo m'chiphunzitso chimene timawerenga. M'buku la Kitáb-i-Aqdas, Bahá'u'lláh analetsa kusenzetsa nyama katundu woposa mphamvu zake. 'Abdu'l-Bahá nayenso analangiza kuti ana aphunzitsidwe kuyambira ali aang'ono kukomera mtima nyama: kuidyetsa ikakhala ndi njala, kuimwetsa ikakhala ndi ludzu, kuisamalira ikadwala. Anakumbutsanso kuti nyama imamva kupweteka monga ife, koma singathe kudandaula kapena kukasuma kwa aliyense.

Tsono ngati timaphunzitsa ana zimenezi m'makalasi athu, sitingatembenukenso n'kuseka mwana amene akulira galu wake. Misozi yakeyo ikuchokera m'khalidwe lomwe lija timafuna kuti likule mwa iye. Tikamuseka, tamuphunzitsa kuti kukonda n'kupusa, ndipo mawa adzauma mtima kwa nyama ndi kwa anthu omwe.

Kambiranani: Kodi mwana amene wasekedwa polira mphaka wake aphunzirapo chiyani za chifundo?

GAWO 3

Kupepesa kuli ndi luso lake, ndipo luso limabwera pochita. Nazi zinthu zisanu zoti tiziyeserera.

Choyamba, tipite. Tisadikire kuitanidwa, pakuti palibe amene adzatiitane. Tiodire, tikhale pansi, tilonjerane monga mwa nthawi zonse, kenaka tinene mwachidule: "Agogo, tamva kuti Bobi wafa. Pepani kwambiri." Kutchula dzina la chiwetocho kumasonyeza kuti sitinabwere kudzaseka.

Chachiwiri, tifunse funso limodzi n'kukhala chete. "Munakhala naye zaka zingati?" kapena "Zinayamba bwanji?" Munthu angafotokoze nkhani imodzimodzi kawiri kapena katatu. Tisamudule, ndipo tisalowetsepo nkhani ya galu wathu amene anafa kale. Akatonthola, ifenso titonthole. Kukhala chete pamodzi ndi chipepeso ndithu.

Chachitatu, tisamale lilime. Mawu ena amaoneka abwino koma amatseka pakamwa pa wolira. "Anali galu chabe." "Musadandaule, tikupezerani wina." "Bola si munthu." Inde, imfa ya chiweto siifanana ndi imfa ya munthu, ndipo mwini wakeyo akudziwa zimenezo. Safunika kukumbutsidwa. Za kagalu kena zidzabwera iye akadzaziyamba yekha.

Chachinayi, timvetsere kudziimba mlandu. Ambiri amati, "Ndikanamumangirira sakanagundidwa pamsewu," makamaka amene amakhala m'mbali mwa msewu wa M5. Ena amati, "Ndikanapita naye ku katemera." Tisafulumire kunena kuti palibe chimene akanachita ngati si zoona, komanso tisawonjezere mlandu. Tingathe kunena kuti, "Mukudandaula chonchi chifukwa munkamusamala." Ngati akuganiza kuti wina wamuthirira galu mankhwala, ife sitiloza munthu chala ndipo sitinyamula nkhaniyo kupita nayo pakhomo lina. Miseche ingasandutse imfa ya galu kukhala udani wa mabanja awiri. Ngati pali mlandu weniweni, njira yake ndi ya kwa amfumu.

Chachisanu, tigwire ntchito ndi manja. Tithandize kukumba dzenje lakuya, kutali ndi mjigo, chitsime kapena mtsinje, kuti agalu ena ndi afisi asafukule. Ngati yafa ndi ng'ombe ya pangolo kapena mbuzi imene banja linkadalira pa fizi ya sukulu, chisonicho chimasakanikirana ndi nkhawa ya mawa. Pamenepo tifunse poyera chimene chingathandize, kaya kututa nawo chimanga kumunda, kaya kuwaperekeza kwa alangizi a ziweto.

Chongani mawu amene angatonthoze, ndipo fotokozani chifukwa chake:
___ "Limbani mtima, si maliro awa."
___ "Pakhomo pano pazizira ndithu popanda iye."
___ "Galu wa kwathu waswa, mawa ndibweretsa kamodzi."
___ "Tiuzeni, ankachita zotani mukamabwera kumunda?"

GAWO 4

Pali funso limodzi limene sitiyenera kuliiwala, ngakhale pakati pa misozi: "Kodi chiwetochi chisanafe chinaluma kapena kukanda munthu?" Tifunsenso ngati chinasintha khalidwe, ngati chinkatuluka dovu, kulephera kumeza, kulumaluma zinthu, kapena kufa ziwalo. Izi zingakhale zizindikiro za chiwewe.

Bungwe la World Health Organization limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lonse, makamaka mu Africa ndi Asia. Pafupifupi onsewa amachitenga kwa agalu, ndipo pakati pawo pali ana ambiri osakwana zaka 15. Zizindikiro zikayamba kuoneka mwa munthu, kuchira kumakhala kosatheka pafupifupi nthawi zonse. Koma munthu akalandira katemera mwamsanga atangolumidwa, amapulumuka. Choncho wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka apite kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku Mua Mission Hospital kaya ku chipatala china chapafupi. Ngakhale padutsa masiku, apitebe. Mtembo wa nyama yokayikitsa tisaugwire ndi manja, ndipo tidziwitse alangizi a ziweto.

Tikumbukire kuti mwana amene amakonda galu wake angabise kuti analumidwa, poopa kukalipiridwa kapena poopa kuti galuyo aphedwa. Timufunse mofatsa, makolo ake ali pomwepo. Ndipo pamene banja lakakamizika kulola kuti galu wodwala chiwewe aphedwe, chisoni chawo chimakhala chowirikiza. Tiwauze zoona zake: ateteza ana a m'mudzi, ndipo galuyo sakanachira.

Kupewa kulipo. Agalu 70 mwa 100 alionse akalandira katemera, chiwewe chimaleka kufalikira m'deralo. Ndi njira imene bungwe la Mission Rabies lakhala likutsata ku Blantyre kuyambira mu 2015. Tsiku lokumbukira kulimbana ndi chiwewe padziko lonse ndi 28 September. Tikamva kuti katemera wa agalu wafika, tiuze anzathu ndi kuthandiza okalamba kutengera agalu awo kumeneko. Koma uphungu umenewu si wa tsiku limene galu wafa.

GAWO 5

Kwa ana ambiri, imfa ya chiweto ndi imfa yoyamba imene amaiona pafupi. Tisawanamize kuti galu wathawa kapena wagona, chifukwa mwana adzamudikira pakhomo, mwinanso adzaopa kugona. Tinene mosavuta: "Wafa. Thupi lake lasiya kugwira ntchito, sakumvanso kupweteka, ndipo sabweranso." Timulole kuona pamene tamukwirira, kuikapo mwala kapena kudzalapo mtengo, ndi kujambula chithunzi chake ngati akufuna.

Mwana angafunse kuti, "Kodi ndidzakamupeza kumwamba?" Apa timayesedwa pa kunena zoona. 'Abdu'l-Bahá anafotokoza kuti mzimu wa munthu ndiwo umapitirira kukhala ndi moyo thupi likafa, ndipo mzimu wa nyama ndi wosiyana nawo. Sitimulonjeza mwana zimene sitinaphunzitsidwe, komanso nthawi ya misozi si ya kukambirana zakuya. Tingathe kumuuza kuti, "Mulungu ndiye anamulenga, ndipo iwe unamusamala bwino. Chikondi ndi chifundo chimene unaphunzira pomusamala zili mumtima mwako, ndipo zimenezo sizifa." Ngati banjalo ndi la chipembedzo china, funsoli tiwasiyire makolo, ife tingokhala nawo.

Okalamba okhala okha afunika kuwayenderanso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Nthawi zina imfa ya mphaka imadzutsa chisoni cha amuna awo kapena mwana amene anamwalira kalekale. Akayamba kukamba za malemuwo, tiwatsatire komweko. Tikaona kuti asiya kudya, sakugona kwa masabata angapo, kapena akunena zofuna kudzipha, tisasunge chinsinsi chimenecho. Tiuze achibale awo ndi kuwaperekeza kuchipatala.

ZOCHITA

1. Khalani awiriawiri. Mmodzi akhale agogo amene galu wawo wagundidwa ndi galimoto, wina akhale wodzapepesa. Wopepesayo afunse mafunso osaposa atatu m'mphindi zisanu. Kenaka sinthanani, ndipo uzanani mawu amene anakukhazikani mtima pansi.
2. Yeserani kufunsa mwana wa zaka 8 ngati analumidwa, m'njira yoti asachite mantha.
3. Sabata ino aliyense afufuze kumene alangizi a ziweto a dera lathu amapezeka, ndi nthawi imene katemera wa agalu amaperekedwa.
4. Ganizirani khomo limodzi limene chiweto chinafa posachedwapa ndipo palibe amene anapitako. Pitaniko awiri, ndipo tikadzakumananso tidzakambirane zimene mwaphunzira, popanda kutchula dzina la banjalo.