Funsani Adokotala: Ziphuphu za Kuukulu ndi Nkhope Youma

Muulutsi:  Adokotala a khungu afika kale, ndipo makalata sabata ino adzaza tebulo, ena olemba pamanja, ena abwera pafoni. Tiyambe ndi bambo wina wa ku Dedza. Akuti, "Ine ndine wakabaza wa njinga yamoto. Chiyambire Juni nkhope yanga yatuwa, milomo yang'aluka, ndipo ndikangosamba khungu limakokana. Kodi ndadwala chiyani?"

Dokotala: Zikomo achimwene, moninso kwa onse amene akutimva. Bambo a ku Dedza, simunadwale, ndi mphepo imeneyo. Juni ndi Julayi mpweya umakhala wouma, kuzizira kwa kwanuko mukukudziwa nokha, ndiye inu mumalawira mbandakucha n'kumagundana ndi mphepo tsiku lonse. Koma ndikufunseni, mukusamba ndi sopo uti? Ngati ndi uja wochapira zovala, musiyeni. Anamupanga kuti azichotsa mafuta pansalu, ndipo pankhope amachotsanso mafuta amene khungu limadzitetezera nawo. Madzi akhale ofunda chabe, osati otentha. Mukatha kusamba musadzipukute mpaka kuuma gwa. Khungu likadali lonyowako, dzolani vaselini pang'ono, kapena gilisalini wosakaniza ndi madzi. Milomo musamainyambite, malovu amaiumitsa koposa. Chipewa chanu cha panjinga chikhale cha galasi kutsogolo. Tipitirire.

Muulutsi: Mtsikana wa ku Kasungu, wa zaka 24. "Anzanga akuti ziphuphu zangazi n'chifukwa cha mtedza ndi mazira. Ena akuti magazi anga ndi oipa. Ena akuti zidzatha ndikadzakwatiwa."

Dokotala: Achemwali, idyani mtedza wanu, idyani mazira anu. Magazi anunso alibe vuto. Chiphuphu chimayamba pamene kabowo ka ubweya katsekeka ndi mafuta a m'khungu pamodzi ndi khungu lakufa, tizilombo timene timakhala momwemo kale n'kuswana, malowo n'kutupa. Pa zakudya, zimene zimawonjezera vutoli kwa anthu ena ndi zotsekemera kwambiri, monga zakumwa za shuga za m'mabotolo. Koma za banjazo ayi. Banja si mankhwala a khungu, ndipo anyamata amene mumanyengerera atsikana ndi mawu amenewa, lekani. Kuchipatala kwanga kumabwera amayi a ana anayi ali ndi ziphuphu.

Muulutsi: Ndiye mwalosera kalata yotsatira. Iyi ndi yaitali, yachokera kwa mayi wa ku Chilomoni. "Ndili ndi zaka 36, ana atatu. Pa utsikana wanga sindinavutikepo ndi ziphuphu. Chaka chatha zinayamba kutuluka pachibwano ndi m'nsagwada, zikuluzikulu zopweteka, makamaka ndikayandikira kupita kumwezi. Mnzanga wa kuntchito anandipatsa kachubu kogula mumsika. Masabata awiri okha nkhope inasalala n'kuwala, anthu kumandiyamikira. Koma ndikasiya kudzola masiku atatu, nkhope imatentha, imayabwa, imasupuka, ndipo tiziphuphu ting'onoting'ono timatuluka mpaka pamphumi ndi pachifuwa. Pano ndikukwecha ndi chinkhupule ndi ndimu, usiku ndimapaka mankhwala otsukira mano. Nkhope ndi youma koma ziphuphu sizikutha. Ndithandizeni."

Dokotala: Achimwene, makalata enawo ayambe adikira. Apa tikhalapo.

Mayi, pepani kwambiri, ndipo zikomo kuti simunabise za kachubuko, chifukwa ambiri amabisa mpaka ndifunse katatu. Inu muli ndi mavuto awiri. Loyamba linabwera lokha. Ziphuphu za pachibwano ndi m'nsagwada, zozama, zopweteka, zotsatira masiku a kumwezi, zimenezo ndi za mahomoni, ndipo zimagwira amayi ambiri a zaka za m'ma 30 ngakhale 40. Si uve, si kulodzedwa. Limenelo likanatheka mosavuta. Lachiwirili ndi limene munachita kulandira kwa mnzanu.

Tengani kachubuko pompano muwerenge timalemba ting'onoting'ono ta m'mbali. Ndikukhulupirira mupeza mawu akuti clobetasol kapena betamethasone. Amenewa ndi mankhwala a gulu la steroid. Ndi mankhwala enieni, ifenso timalembera odwala chikanga ndi matenda ena a khungu, koma kwa masiku owerengeka, pamalo podwala pokha, ndipo clobetasol, amene ali m'gulu la amphamvu kwambiri, sitimupereka kuti munthu azidzola kunkhope. Mankhwalawa amaphwetsa chotupa msanga ndipo amafinya timitsempha ta magazi, n'chifukwa chake nkhope inasalala n'kuyera. Koma pansi pake khungu likupyapyala, chitetezo chake chikutha. Zili ngati katapila: lero akupatsani ndi nkhope yosekerera, mwezi wamawa mubweza kawiri, ndipo kuti mubweze mukatenganso kwa yemweyo. Kutentha ndi kuyabwa mukasiya masiku atatu kuja ndi khungu limene lazolowera mankhwala. Tiziphuphu tambirimbiri tofanana kukula, totuluka nthawi imodzi pamphumi ndi pachifuwa, timeneto si ziphuphu zanu zoyamba zija, tabwera ndi kachubuko.

Ndimanena izi sabata iliyonse, ndipo sinditopa. Mankhwala sagulidwa pamphasa padzuwa, pakati pa mawigi ndi ndolo. Wogulitsayo sakukufunirani zoipa, nayenso sadziwa zimene zili m'katimo. Machubu ena salemba n'komwe, amangojambulapo karoti kapena papaya. Ena ali ndi hydroquinone. Madokotala a ku South Africa analemba kale mu 1975 za amayi amene anadzola hydroquinone kwa zaka, masaya awo n'kuda bii kuposa mmene analili poyamba, khungu n'kukhala lokhakhala. Matendawo amatchedwa ochronosis, ndipo akafika pamenepo n'zovuta kwambiri kubwezeretsa. Dziko limenelo linaletsa hydroquinone m'mafuta odzola mu 1990, la Côte d'Ivoire linaletsa mafuta oyeretsa khungu mu 2015. Machubu enanso ali ndi mercury, amene amalowa m'thupi kudzera pakhungu n'kukawononga impso ndi mitsempha, ndipo mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amapatsirako mwana wake.

Kuchipatala kwanga kunabwera mayi wina wachitsikana, chaka chimodzi chitadutsa chichitire ukwati. Anzake anamuuza kuti mkwatibwi ayenera kuwala pazithunzi, ndiye anayamba kudzola thupi lonse kutatsala mwezi umodzi. Ukwati unatha, kudzola sikunathe. Atavula juzi, m'mikono monse munali mizere yotambalala imene khungu linachita kutanuka, chipere chitayala msana wonse chifukwa steroid amabisa kuyabwa pamene chipere chikufalikira. Titamuyeza, shuga anali atakwera. Chipere tinachiza, shuga anatsika, koma mizere ija ikadalipo. Analira m'chipinda mwanga, ndipo ine sindinamukalipire, chifukwa amene anayambitsa zonsezi sanali iyeyo.

Ndikunena inu abambo amene mumati mukaona mkazi woyera mumatembenuka khosi akazi anu ali pomwepo. Ndikunena inu azakhali amene mumanyamula khanda n'kunena kuti, "Ii, koma ameneyu wayamba kuda." Mawu amenewo mwana wamkazi amakula nawo. Ndaonapo mayi akudzoza mwana wa miyezi ingapo mafuta omwewa, khungu la khanda limene limamwa mankhwala kuposa la wamkulu. Chonde, chonde, pa mwana pokha musayerekeze. Ndipo anyamata musaganize kuti sindikukuonani, nanunso mwayamba. Mfundo za zala zimakhala zakuda nkhope ili yoyera, timadziwa tikangopatsana moni.

Muulutsi: Adokotala, mayi a ku Chilomoni aja akudikirabe kuti achite chiyani.

Dokotala: Eya, tibwerere kwa mayi. Kuyambira usiku uno, chinkhupule chisafikenso kunkhope. Ndimu ayi, amawotcha, ndipo madzi ake akakumana ndi dzuwa amasiya mawanga akuda. Mankhwala otsukira mano ndi a mano. Soda ayi. Nkhope yanu si yauve, ndi yovulala, ndipo khungu louma ndi ziphuphu zimakhalira limodzi chifukwa chakuti mukalikwecha limang'aluka, n'kutupa, timabowo tija n'kutsekeka msanga. Sambani kawiri patsiku basi, ndi zala zanu, sopo wosambira wopanda fungo lamphamvu, kapena aqueous cream wa ku famase m'malo mwa sopo, n'kutsukuluza bwino. Kenako mafuta opepuka opanda zonunkhiritsa. Vaselini pakani pamalo posupuka pokha, osati kumata nkhope yonse. Kufinya lekani. Pa khungu lathu lakudali chiphuphu chimatha m'sabata imodzi kapena ziwiri, koma banga limene chimasiya mukachifinya limakhala miyezi. Dzuwa limadetsanso mawangawo, ndiye chipewa kapena ambulera zisamakusoweni.

Kachubuko musakataye. Kayikeni m'chikwama pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala, mupite nako. Poti muli mu Blantyre, kuchipatala cha Queens kuli mbali yoona za khungu, ndipo amene muli kutali yambani kufunsa pachipatala chanu cha boma. Munthu amene wadzola steroid kwa miyezi, makamaka thupi lonse, timamutsitsa pang'onopang'ono, nthawi zina kumusinthira ku mankhwala ofooka kaye. Ndikuuziranitu zoona, mayi: masabata oyambirira nkhope idzaipa kuposa lero. Idzatentha, idzasupuka, idzabwerera kumtundu wake, ndipo anzanu adzafunsa kuti mwatani. Apa m'pamene ambiri amathamangiranso kumsika. Limbani mtima. Zimatenga masabata, kwa ena miyezi, koma khungu limachira.

Likakhazikika, m'pamene tidzalimbane ndi ziphuphu zanu zenizeni. Pali benzoyl peroxide, wa 2.5 kapena 5 peresenti. Mumayamba pang'ono, usiku umodzi kupaka, usiku wotsatira kupuma, chifukwa nayenso amaumitsa, ndipo amasukulutsa nsalu, choncho samalani pilo ndi thawulo lanu. Zikakhala zozama timawonjezera mapiritsi monga doxycycline kwa miyezi ingapo, omwera madzi ambiri, osagona mutangomwa kumene. Musakagule nokha makapisozi asanu n'kumati mwalandira chithandizo. Mayi woyembekezera samwa doxycycline, sadzola tretinoin kapena adapalene, ndiye ngati muli ndi pakati kapena mukufuna mwana, nenani musanalembedwe mankhwala. Ndipo mankhwala onse a ziphuphu amafuna masabata 6 mpaka 8 kuti muyambe kuona kusintha. Chilichonse chimene chasalalitsa nkhope m'masiku atatu, chikayikireni.

Chinanso, ndipo ichi ndi cha aliyense amene ziphuphu zamutulukira mwadzidzidzi atakula. Dzifunseni kuti chasintha n'chiyani miyezi yapitayi. Jakisoni wakulera wa miyezi itatu uja ndi njira ya pamkono zimatulutsa ziphuphu kwa amayi ena. Mapiritsi a prednisolone, mankhwala a TB otchedwa isoniazid, ndi phenytoin wa khunyu, nawonso amatero. Koma ndimvetseni bwino: musasiye mankhwala a TB kapena a khunyu chifukwa cha nkhope, musasiye kulera mwakachetechete. Pitani mukauze amene anakupatsani, njira zilipo zambiri. Ndipo mayi amene ziphuphu zabwera limodzi ndi ndevu pachibwano, kumwezi n'kumadumphitsa miyezi, thupi n'kumanenepa, ameneyo akayezedwe, chifukwa gwero lake likhoza kukhala m'mabasiketi a mazira.

Muulutsi: Nthawi yatithera, koma tiwerengeko awiri mwachangu. Bambo wa ku Mangochi akuti akameta ndevu m'khosi monse mumatuluka ziphuphu.

Dokotala: Zimenezo ndi ndevu zopotana zimene zabwerera n'kubaya khungu. Siyani kumeta kwa mwezi umodzi zipole. Mukayambanso, metani ndi makina osiyako pang'ono, osati lezala lopalira mpaka pansi, ndipo tsatani kumene ndevu zagonera. Zikayamba kutuluka kunkhongo n'kumauma ngati zipsera zotukuka, bwerani msanga zisanakule, ndipo wometa asamapalepo.

Muulutsi: Womaliza ndi mayi wa ku Mchinji. Akuti m'mbali mwa mphuno, m'nsidze ndi kuseri kwa makutu mukusupuka toyerayera, m'mutu mukuyabwa, ndipo mafuta sakuthandiza.

Dokotala: Limenelo si khungu louma wamba, mayi, n'chifukwa chake mafuta akukanika. Kawirikawiri ndi kafangasi kamene kamakonda malo a mafuta, ndipo kamamvera clotrimazole wopaka, kapena shampu ya ketoconazole yosiya m'mutu mphindi zisanu musanatsukuluze, kawiri pasabata. Kamabwerera nyengo yozizira, musadabwe. Koma ngati zayamba mwadzidzidzi ndipo zafalikira kwambiri mpaka pachifuwa ndi m'khwapa, kayezetseni magazi kuti mudziwe za HIV, pakuti khungu nthawi zambiri ndilo limayamba kuonetsa kuti chitetezo chatsika. Achimwene, makalata atatu a chipere cha ana m'mutu ndawaona pansipo, muwasunge, tidzayambira amenewo sabata yamawa.