Kusintha mabushi ndi kutseka difu pakhomo: musamange mabawuti galimoto ili m'malere

Galimoto ya kuno ku chigwa imayamba kukalamba kunsi. Pikapu yonyamula thonje ku Ngabu, minibasi ya pakati pa Nchalo ndi Nsanje, kapena Hilux yoyenda msewu wa ku East Bank kuchokera pa Thabwa, zonsezi matenda ake ndi amodzi. Mukamanyamuka kumbuyo kumalira kuti "gu!", ndipo m'mawa uliwonse mumapeza dontho lakuda pansi pa difu. Kutentha kwa mu Okutobala, komwe kumapitirira madigiri 40, kumaumitsa labala. Madzi osefukira, ngati a namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, amalowa m'difu n'kuwononga oyilo. Ntchito yokonza izi mutha kuigwira nokha tsiku limodzi. Ndaona ambiri akuigwira, ndipo ndaonanso ambiri akuibwereza miyezi itatu isanathe chifukwa cholakwitsa malo amodzi.

Zofunika

Pezani mabushi a masipuling'i akumbuyo a mbali zonse ziwiri, oyilo wa difu wa GL-5 80W-90 malita atatu, gasiketi kapena silikoni wopirira oyilo, jeke, masipanala ndi palafini wotsukira. Ngati difu yanu ndi ya LSD, gulani oyilo wolembedwa LSD. Za ndalama zofunika, yambani mwafunsa ku Limbe kapena ku Nchalo, poti chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya zipangizo sikhala malo amodzi. Mabushi osemedwa ku tayala lakutha asiyeni. Amene amakuuzani kuti "n'chimodzimodzi" sadzakhalapo tsiku lomwe sipuling'i idzayambe kudya bawuti.

1. Kukweza galimoto

Yambani m'mamawa pamalo olimba ndi athyathyathya, osati pamchenga. Tchingani matayala akutsogolo ndipo tchasisi ikhale pa zitsulo zochirikizira kapena pa zipika zazikulu za tsanya. Njerwa ayi, zimaphwanyika osachenjeza. Jeke ikhale pansi pa ekiselo kuti muzikweza ndi kutsitsa sipuling'i.

2. Difu

Musanakhetse oyilo, yambani mwamasula bawuti ya pothirira. Ikakana, imani pomwepo, chifukwa difu yopanda oyilo siyenda nanu n'kufika pa Dyeratu pomwe. Oyilo akatuluka wotuwa ngati tiyi wamkaka, dziwani kuti munalowa madzi. Difu yotentha ikamira m'madzi ozizira imakoka madziwo kudzera pa kachubu kopumira kamene kali pamwamba pa ekiselo. Katsukeni, ndipo ngati mumawoloka mitsinje kawirikawiri, kalumikizeni ku paipi ya labala yokwera mpaka kunsi kwa bodi.

Hilux ndi HiAce zilibe chivindikiro chomasula kumbuyo kwa difu. Kwa izi ntchito ndi kukhetsa, kupukuta tizidutswa ta chitsulo pa maginito a bawuti yapansi, n'kuthira wina. Galimoto zokhala ndi chivindikiro, monga Navara D40, masulani mabawuti n'kusiya awiri apamwamba ali olendewera kuti oyilo atsikire m'beseni. Palani gasiketi yakale yonse mpaka chitsulo chiwale, pukutani paume. Silikoni akhale mzere umodzi woonda ngati chingwe cha nsapato, wozungulira mkati mwa mabowo a mabawuti. Wochuluka amafinyikira mkati n'kukayenda ndi oyilo. Mangani modumphanitsa, ili kenako loyang'anana nalo, osawonjezera paipi ku sipanala. Dikirani ola limodzi kapena kuposa, kenako thirani oyilo galimoto ili yowongoka mpaka ayambe kudontha pabowo lothirira. Oyilo wa injini asalowemo, ngakhale wina alumbire kuti iye amathira.

3. Kuchotsa ndi kuika mabushi

Gwirani mbali imodzi n'kuimaliza, kuti inayo ikhale chitsanzo. Bushi yokakamira itulutseni ndi bawuti yaitali, nati ndi soketi yaikulu. Tsukani dzimbiri m'diso la sipuling'i. Bawuti yomwe yadyeka pakati itayeni. Bushi ya labala ilowe ndi madzi a sopo, osati girizi, chifukwa girizi amafewetsa labala n'kuiwoletsa. Lowetsani mabawuti, ikani manati, muwapotoze ndi dzanja mpaka angokhudza. Lekerani pomwepo.

4. Kumanga mabawuti: apa ndi pamene anthu amagwera

Musamange mabawuti a mabushi galimoto ili pa jeke. Ndikubwerezanso, musamange matayala akulendewera.

Chifukwa chake n'chakuti bushi ya labala sizungulira pa bawuti ngati gudumu. Mukamanga nati, pakati pa bushi pamagwidwa zolimba, ndipo sipuling'i ikamakwera ndi kutsika labalayo imangopotoka pang'ono uku ndi uku, n'kubwerera pamalo pake. Malo akewo ndi pomwe inali nthawi yomwe munamanga. Mukamanga ekiselo ili lende, ndiye kuti mwaiuza bushi kuti kwawo ndi kumeneko. Mukatsitsa galimoto, kulemera kwake kumaipotoza ngati mmene mayi amafinyira chitenje pochapa, ndipo imakhala yofinyika choncho usana ndi usiku, ngakhale galimoto itangoima pansi pa mtengo. Onjezani matumba a mpunga, onjezani mabampu, onjezani dzuwa la ku Bangula. Labala ing'ambika basi.

Ndinaonapo mnyamata wina pamalo ena ochitira malonda akumanga mabushi atsopano a pikapu ili m'malere, atawonjezera paipi ku sipanala, thukuta lili kamukamu, mwini galimoto akumuyamikira kuti ndi wamphamvu. Patapita masabata ochepa tinatulutsa mabushi aja atang'ambika ngati tsamba la nthochi lowombedwa ndi mphepo. Mwini wakeyo ankatukwana wogulitsa kuti anamupatsa zabodza. Mabushiwo anali abwinobwino, anaphedwa ndi kamangidwe.

Chitani chonchi. Bwezerani matayala ngati munawachotsa, tsitsani galimoto, chotsani jeke. Ikankheni pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo, kenako anthu awiri akwere kumbuyo aigwedeze kangapo kuti masipuling'i akhazikike, atsike. Tsopano lowani pansi mumange manati onse, la kutsogolo kwa sipuling'i ndi awiri a pa shakolo ya kumbuyo kwake, mbali zonse. Ngati pansi pakuchepa, kwezani matayala onse anayi pa matabwa okhuthala ofanana, koma kulemera kukhale pa matayala. Ngati galimoto yanu siyenda yopanda katundu, mangani muli katundu wapakatikati. Muli ndi sipanala yoyeza mphamvu, tsatirani nambala ya m'buku la galimotoyo.

Ndikudziwa kuti kukwawa m'fumbi masana n'kowawa, ndipo pa jeke m'pamene manja amafika bwino. Ulesi wa mphindi 20 umenewo ndi womwe umakubwezani ku sitolo. Ngati mwapereka ntchitoyi kwa makaniko, imani pomwepo muone ndi maso anu kuti sipanala yomaliza ikugwira matayala ali pansi.

5. Kuyesa

Yendani makilomita ochepa, imani, suzumirani ngati pali dontho. Pakatha sabata, kapena mukakwera ndi kutsika chitunda cha Thabwa ndi katundu, yesaninso manati onse galimoto ili pansi. Ndipo nyengo ya mvula, tsiku lililonse lomwe madzi afika pa ekiselo, masulani bawuti ya pothirira, pisani chala, muone mtundu wa oyilo musanayambe ulendo wina.