Kukwera Sapitwa

Ana a ku Chisepo m'boma la Dowa amadziŵa mapiri a kwao ndiponso phiri la Ntchisi. Koma phiri lalitali koposa onse m'Malaŵi ndi la Mulanje, kummwera kwa dziko lino. Nsonga yake yotchedwa Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002.

Anthu ambiri amakwera nsongayi m'chilimwe, pakuti m'dzinja miyala imaterera. Amanyamukira ku Likhubula nakagona m'kanyumba ka alendo patsinde pa Sapitwa. Kanyumbako dzina lake ndi Chisepo, monga dera lija la ku Dowa. M'mamaŵa amayamba kukwera. Kumtundako kulibe njira yopalidwa. Munthu amakwaŵa pamathanthwe ndi kuloŵa pansi pa miyala ikuluikulu, akutsata zizindikiro zofiira zopakidwa pamiyala.

Choopsa chachikulu ndi nkhungu. Ingathe kudza mwadzidzidzi, makamaka kukaomba mphepo yozizira ya chiperoni yochokera ku Mozambique. Ikaphimba phiri, zizindikiro sizioneka, ndipo munthu angagwere kuphompho. Mu 2009 mlendo wa ku Brazil anakwera yekha, anasokera, nafa ndi kuzizira.

Chifukwa chake wokwera wanzeru amatsagana ndi wolondolera wodziŵa phirilo. Amatenga madzi, chakudya ndi zovala zofunda. Akaona nkhungu amabwerera, pakuti phiri silithaŵa.

Mafunso
1. Kodi Sapitwa ndi yotalika mamita angati?
2. Nchifukwa ninji nkhungu ili yoopsa kwa okwera phiri?