NTHANO ZOTEMBENUZIDWA: MLATHO WOPITA KU MABUKU AATALI

Mphunzitsi aliyense wa Sitandade 4 kapena 5 amalidziŵa vuto ili: mwana amene ankakonda timabuku ta zithunzi amafooka akapatsidwa buku la masamba ambiri. Tikapanda kumgwira dzanja pa nthaŵi imeneyi, angathe kuleka kuŵerenga mpaka kalekale. Njira imodzi yomthandizira ndiyo nthano zodziŵika zimene zakambidwanso moseketsa.

Chitsanzo chabwino ndi buku la Jon Scieszka, lokhala ndi zithunzi za Lane Smith, lotchedwa The True Story of the 3 Little Pigs, limene linatuluka ku America mu 1989. M'bukuli mmbulu ukudzikambira wokha mlandu. Ukuti unali ndi chimfine, ndipo unangopita kwa tinkhumba titatu kukapempha shuga wophikira keke ya agogo ake. Nyumba ziŵirizo zinagwa chifukwa cha kuyetsemula chabe. Roald Dahl nayenso anatembenuza nthano zisanu ndi imodzi m'buku lake la Revolting Rhymes mu 1982.

Ubwino wake ndi wapaŵiri. Choyamba, mwana amadziŵa kale anthu ndi mayendedwe a nkhani, choncho mphamvu zake zimapita pa mawu achilendo. Chachiŵiri, amaphunzira kufunsa kuti: "Kodi akukamba ndani, nanga nkumkhulupirira?" Funso limeneli adzalifuna m'mabuku aatali onse.

Koma tichenjere. Mwana wosadziŵa nthano yoyambirira sangaseke, pakuti choseketsa chili pa kusiyana kwa ziŵirizo. Motero nkwanzeru kuyamba ndi nthano zakwathu.

Kaphunzitsidwe kake
1. Kambani nthano ya Kalulu amene anakana kukumba chitsime m'nyengo ya chilala, nagwidwa ndi Kamba akuba madzi. Yambani ndi "Padangokhala," ana avomere "Tilitonse."
2. Ana aibwereze m'magulu mpaka aidziŵe bwino.
3. Khazikitsani bwalo la milandu. Mwana mmodzi akhale Kalulu, adziteteze: kapena mpini wa khasu unathyoka, kapena uthenga wa mfumu sunamfike.
4. Mwana aliyense alembe nkhani ya Kaluluyo m'mitu itatu, mutu umodzi pa tsiku.
5. Sokani zolembazo pamodzi zikhale buku la kalasi.

Mwana amene walemba yekha nkhani ya mitu itatu saopanso buku la mitu khumi. Tsono, aphunzitsi anzanga, ana akamaseka m'phunziroli tisathamangire kuwakhalitsa chete. Kusekako nchizindikiro chakuti amvetsa.