Akatolika Atatu Amene Adapeza Wowatsegulira Chitseko

Mu Mthenga Wabwino wa Yohane, mutu 9, ophunzira a Yesu ataona munthu wosaona chibadwire adafuna kudziwa wolakwa: kodi ndi mwini wake kapena makolo ake? Yesu adakana zonse ziwiri, ndipo adawauza kuti ntchito za Mulungu zidzaonekera mwa munthuyo. Komabe funso la ophunzira lija likadalipo. Mpaka lero mwana akabadwa ndi ulumali pamamveka manong'onong'o akuti mayi ake adalakwira mwambo, bambo ake adakhwimira chuma, kapena kuti banjalo adalilodza. Mapeto ake ana ena amakulira m'nyumba, osaponda kusukulu ngakhale kutchalitchi. Mbiri ya Akatolika atatu awa ikuonetsa zimene zimachitika munthu wolumala akapeza womutsegulira chitseko.

Hermann Wodala wa ku Reichenau (1013-1054)

Hermann adabadwira m'banja lachifumu kum'mwera kwa dziko la Germany. Kuyambira ali mwana sankatha kuyenda, ankachita kunyamulidwa pa mpando, ndipo polankhula mawu ankamveka movutikira. Ali ndi zaka 7, makolo ake adamupereka kwa amonke a chipani cha Benedikito Woyera pa chilumba cha Reichenau, m'nyanja ya Constance. Amonkewo sadangomusunga, adamuphunzitsanso, ndipo iye mwini adadzakhala mmonke.

Ndi zala zovuta kugwira cholembera, Hermann adalemba mbiri ya dziko lapansi kuyambira kubadwa kwa Khristu mpaka chaka cha 1054. Adalembanso za masamu, za luso la nyimbo, ndi za astrolabe, chida chimene akale ankayezera nyenyezi ndi nthawi. Mwambo wakale wa Mpingo umamutchula kuti ndiye adapeka Salve Regina, pemphero kwa Amayi Maria limene akhristu ambiri amatsekera nalo Kolona. Adamwalira ali ndi zaka 41, ndipo Mpingo udavomereza kuti azilemekezedwa ngati Wodala m'chaka cha 1863.

Margaret Woyera wa ku Città di Castello (1287-1320)

Makolo a Margaret, ku Italy, nawonso adali olemera, koma adachita zosiyana ndi makolo a Hermann. Mwana wawo adabadwa wosaona, wamsana wopindika, ndipo ankayenda motsimphina. Chifukwa cha manyazi adamubisa, kenaka adamutsekera kwa zaka zambiri m'kachipinda kogundana ndi katchalitchi, mmene ankamvera Misa ndi kulandira Ukaristia kudzera pa kazenera. Atakula adapita naye ku Città di Castello, ku manda kumene kunkamveka mbiri ya zozizwitsa. Ataona kuti sadachire, adamusiya komweko n'kubwerera kwawo.

Amene adamutola adali amphawi a mumzindamo. Mabanja ankalandirana pomusunga, lero kuno mawa uko. Pambuyo pake adalowa m'gulu lachitatu la chipani cha Dominiko Woyera, la akhristu eni ake. Ankaphunzitsa ana za chikhulupiriro makolo awo akapita kuntchito, ndiponso ankayendera odwala ndi akaidi. Adamwalira pa 13 Epulo 1320 ali ndi zaka 33, ndipo Papa Francis adamulemba m'gulu la Oyera pa 24 Epulo 2021. Amene adatayidwa ndi makolo ake ndiye adasanduka mlezi wa ana a anthu ena.

Louis Braille (1809-1852)

Akuluakulu adati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Louis Braille adabadwa akuona bwinobwino m'mudzi wa Coupvray ku France. Ali ndi zaka 3 adadzibaya m'diso ndi chida choboolera zikopa pamalo pamene bambo ake ankagwirira ntchito. Matenda adafalikira ku diso linalo, ndipo adasiyiratu kuona. Wansembe wa parishi yake ndiye adayamba kumuphunzitsa, n'kumupezera malo pa sukulu ya m'mudzimo. M'chaka cha 1819 adapita ku sukulu ya ana osaona mumzinda wa Paris.

Kumeneko mabuku adali ochepa, olemera, ndiponso ovuta kuwerenga ndi zala. Ali ndi zaka 15, Braille adakonza njira yolembera ya timadontho totukuka tisanu n'kamodzi, timene nsonga ya chala imatikhudza tonse nthawi imodzi. Posinthasintha timadonthoti pamatuluka zizindikiro 63. Adasindikiza njirayi m'chaka cha 1829, adakhala mphunzitsi pa sukulu yomweyo, ndipo ankaimba limba m'matchalitchi a ku Paris. Adamwalira ndi chifuwa chachikulu ali ndi zaka 43. Sukulu yake idavomereza zilembozi m'chaka cha 1854, mwini wake atagona kale m'manda zaka ziwiri. Lero ana osaona kuno ku Malawi amawerenga ndi zilembo zomwezi, ndipo aphunzitsi awo amasulidwa pa koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu.

Phunziro kwa akhristu

Pa atatuwa palibe amene adachira. Hermann adamwalira wosayenda, Margaret ndi Braille adamwalira osaona. Ntchito za Mulungu zidaonekera mwa iwo ali ndi matupi omwewo. Mphatso adali nazo kale, koma aliyense adafunika munthu womupatsa mpata: amonke kwa Hermann, amphawi kwa Margaret, wansembe wa kumudzi kwa Braille. Paulo Woyera, mu 1 Akorinto 12, amaphunzitsa kuti Mpingo ndi thupi limodzi, ndipo ziwalo zooneka zofooka ndizo zosati n'kuzisowa. Choncho parishi imene ilibe wolumala aliyense m'kwaya, pa gome la Mawu, m'makomiti kapena m'gulu la aphunzitsi a katekisimu, ikudzimana yokha. Kupereka zovala ndi ufa pa Khirisimasi n'kwabwino, koma mkhristu wobatizidwa amafunanso udindo ndi mawu pa zochitika za Mpingo wake.

Mafunso okambirana ku mphakati sabata ino

1. Kodi m'dera la mphakati muli ana kapena akuluakulu olumala amene safika ku Misa? Chikuwalepheretsa n'chiyani: masitepe a pakhomo la tchalitchi, mayendedwe, kapena maso a anthu?

2. Kodi alipo mwana amene sadalandire ubatizo kapena Ukaristia woyamba chifukwa choti samva, salankhula kapena amachedwa kugwira maphunziro? Ndani akakambirane ndi makolo ake komanso bambo mfumu?

3. Ndi udindo uti umene mphakati ungapereke kwa mkhristu wolumala chaka chino chisanathe?

Mayankho alembedwe ndipo aperekedwe kwa atsogoleri a mphakati, kuti akakambidwe pa msonkhano wa bungwe la parishi.

Hermann Wodala ndi Margaret Woyera apempherere mabanja onse amene akulera ana olumala. Amen.