Kadimba pa Bwalo Lochepa: Mafunso ndi Mayankho

Kabuku aka talemba ife amene timathandiza mabanja a m'tauni kulima ndiwo ndi maluwa pakhomo. Anthu okhala m'malo othinana monga Ndirande, Mchesi kapena Chibavi sadandaula kwenikweni za mbewu. Nkhawa yawo ndi madzi: bilu, udzudzu, ndi khoma la eni nyumba. N'chifukwa chake mafunso ambiri muno ndi a madzi.

Bwalo langa ndi lothina. Kadimba kangakwanepo?

Kangakwane, bola pakhale mbali imene dzuwa limafika maola anayi kapena kuposerapo. Mpiru, bonongwe, repu ndi anyezi zimakula bwino m'matumba ndi m'ndowa zakale.

Ndiyenera kugula chiyani poyamba?

Mwina mbewu zokha. Matumba a makilogalamu 50, zigubu zong'ambika, matayala, zidutswa za njerwa ndi nsungwi zimapezeka pakhomo kapena kwa anansi. Manyowa a nkhuku adikireni awole kaye, aawisi amawotcha mizu.

Ndiyale bwanji kuti pawoneke bwino?

Pakati musiye pongoyera, poyanika zovala ndi posewera ana. Zomera zitsate m'mphepete, zazitali kumbuyo, zazifupi kutsogolo. Yalani kanjira ka zidutswa za njerwa kuchoka pakhonde kukafika pampopi. Mangani kathandala ka nsungwi kuti nyemba kapena nkhaka ziyangepo, pansi pake muike kampando. Mango ndi mapeyala si mitengo ya pabwalo lotere. Papaya mmodzi kapena cham'mwamba chodulidwa pafupipafupi n'chokwanira.

Kodi bilu ya madzi siikwera?

Ingakwere pang'ono, ndipo sitikufuna kukunamizani kuti madzi othirira ndi aulere. Koma tiyeni tiwerengetse. Mabungwe monga Lilongwe Water Board ndi Blantyre Water Board amawerenga madzi pa mita ndi muyezo wa malita 1,000, omwe ndi ndowa 50 za malita 20. Mukamathira ndowa imodzi patsiku, pamwezi mwagwiritsa malita 600, osafika muyezo umodziwo. Kuti ndi ndalama zingati, onani pa bilu yanu, pakuti mitengo imasiyana malinga ndi bungwe ndipo imasintha. Amene mumagula madzi pa kiyosiki, werengerani mtengo wa ndowa imodzi kwa masiku 30, kenako muyerekeze ndi ndalama zimene mumapereka pamsika pogula masamba.

Chimene chimatha madzi ndi kathiridwe. Kuthira ndi payipi masana dzuwa lili paliwombo n'kutaya madzi, ena amauluka asanafike kumizu. Thirirani m'mamawa kapena madzulo, patsinde, osati pamasamba. Phimbirani dothi ndi udzu wouma kapena makoko a mtedza. M'thumba, ikani mzere wa miyala ing'onoing'ono pakati kuchokera pansi kufika pamwamba. Madzi othiridwa pamiyalapo amagawikira mbali zonse. Mu October ndi November, mvula isanayambe, madzi adzafunika ochulukirapo, ndipo sikulakwa kuchepetsa matumba m'miyezi imeneyi.

Nanga madzi akasiya kutuluka masiku angapo, mbewu sizifa?

Zina zingafote, makamaka repu ndi matimati a m'zigubu zing'onozing'ono. Bonongwe ndi kholowa zimapirirako. Boolani timabowo tiwiri pa chitsekerero cha botolo la malita awiri, lidzazeni, n'kulizika chozondoka pafupi ndi tsinde; limadontha pang'onopang'ono. Mtsuko wadothi wokwiriridwa mpaka m'khosi n'kuuvundikira umachitanso chimodzimodzi. Madzi akavuta kwenikweni, akumwa ndi ophikira ndiwo oyamba. Ndiwo mudzafesanso.

Ndingathirire madzi otsukira mbale kapena ochapira?

Pano tikupempha kusamala. Madzi otsukira masamba, mpunga kapena nyemba ndi abwino, thirani osakayika. Madzi otsukuluzira zovala komaliza, amene sopo wake wachepa, nthawi zambiri savuta mukathira padothi, makamaka pa maluwa, papaya ndi nthochi. Koma sopo waufa ali ndi mchere umene umaunjikana m'dothi, ndipo m'thumba kapena m'ndowa, mmene dothi ndi lochepa, masamba angayambe kupsa m'mphepete. Mukatero muzisinthanitsa ndi madzi oyera. Madzi okhala ndi Jik kapena mafuta ambiri, ayi.

Madzi ochapira matewera, zovala za wodwala m'mimba, kapena ochokera m'ngalande za m'misewu, musawathire pa ndiwo ngakhale pang'ono. Kolera imene inafala m'dziko muno mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700, ndipo matendawa amayenda m'madzi ndi m'zakudya zodetsedwa ndi chimbudzi. Musasungenso madzi ogwiritsidwa kale ntchito mpaka mawa. Amanunkha ndipo tizilombo timachulukana.

Kodi kadimba sikaitana udzudzu?

Funso ili ndi limene limaletsa amayi ambiri, ndipo ndi lomveka, pakuti malungo si matenda oseweretsa pakhomo pa ana. Udzudzu suswana m'masamba kapena m'dothi lonyowa. Umaikira mazira m'madzi odikha, ndipo m'nyengo yotentha pamatenga pafupifupi sabata imodzi kapena ziwiri kuti dzira likhale udzudzu wouluka. Choncho chofunika n'kuti pabwalo pasakhale madzi ogona masiku. Ndowa iliyonse yobzalamo ibooledwe pansi. Musaike mbale pansi pa miphika ya maluwa. Mgolo wosungira madzi uvundikiridwe kapena umangidwe nsalu kukamwa. Pamene mpopi umadontha, kumbani kadzenje n'kudzazamo miyala kuti madzi alowe pansi.

N'zoona kuti udzudzu umabisala m'zomera zowirira zamthunzi, ndiye musalole tchire pansi pa zenera. Ndipo tinene mosabisa: anthu ena amati udzu wonunkhira mandimu uja umathamangitsa udzudzu ukangobzalidwa. Musadalire zimenezo. Gonani m'neti usiku uliwonse, kadimba kalipo kapena kulibe.

Eni nyumba akuti madzi awononga khoma. Akunena zoona?

Angakhale akunena zoona, makamaka ngati khoma ndi la zidina kapena la njerwa zomangidwa ndi dothi. Chinyezi chikamalowa patsinde pa khoma tsiku ndi tsiku, pulasitala amafundukuka ndipo chiswe chimapeza njira. Musawunjike dothi kukhoma. Siyani mpata woti munthu n'kudutsa pakati pa khoma ndi matumba, ndipo matumbawo akhale pa njerwa kuti madzi otsika aoneke kumene akupita. Musatseke ngalande yotulutsira madzi a mvula. Ubwino wa matumba ndi ndowa pa nyumba ya lendi ndi wakuti simukumba, ndipo posamuka mumanyamula. Komabe kambiranani ndi eni nyumba musanayambe, chifukwa ena amakana ndithu, ndipo nyumbayo ndi yawo.

Madzi a padenga angathandize?

Kwambiri. Mvula ya mamilimita 10 ikagwa pa denga la mamita 5 m'litali ndi 4 m'lifupi, madzi ake ndi malita 200, mgolo wathunthu, ngakhale ena amatayika. Vuto n'lakuti mvula imagwa kuyambira November mpaka April, pamene kadimba sikamva ludzu kwenikweni, ndipo mgolo umodzi sungakufikitseni mu August. Umathandiza pa ng'amba za pakati pa dzinja.

Mwati bilu siikwera kwambiri, koma ya mnzanga inawirikiza atangoyamba dimba. Bwanji?

Dandaulo ili talimva kangapo. Sitingatsutse bilu imene sitinaione, koma kawirikawiri pamakhala chimodzi mwa izi: kuthirira ndi payipi, kapinga wobzalidwa limodzi ndi ndiwo, kapena payipi yodontha pansi. Kapinga amamwa madzi ambiri ndipo sadyedwa; pa bwalo lochepa ife sitimulimbikitsa. Kuti mudziwe ngati pali podontha, tsekani mipopi yonse usiku, lembani manambala a pa mita, n'kuonanso m'mawa musanatsegule. Ngati asintha, madzi akutayika penapake ndipo muitane wokonza mipopi.

Ndamva kuti matayala ndiwo amabweretsa udzudzu. Ndiwataye?

Tayala longosiyidwa pabwalo limasunga madzi m'kati mwake, ndipo mitundu ina ya udzudzu imakonda kuswana mmenemo. Tayala lodzazidwa dothi mpaka m'makona silisunga madzi. Musanathire dothi, boolani mbali imene igone pansi, ndipo shindirani kuti pasatsale mphako. Ena amakayikira kudya ndiwo zolimidwa m'matayala. Ngati mtima wanu sukhazikika, bzalanimo maluwa, ndiwo zipite m'matumba. Matayala otsala amene simukuwagwiritsa ntchito, aikeni pansi pa denga pamene mvula siifika.